Kulemba chimangirizo cha mtsutso pa nkhani zopanda yankho

Dziko la Malawi lili ndi nkhani zambiri zomwe chiyambi chake chimadziwika koma mathero ake sadamveke. Pali imfa zomwe boma lidafotokoza mwina, mboni n'kudzafotokoza mwina. Pali zinthu zakale zomwe zikuoneka ndi maso koma amene adazipanga sadasiye dzina. Nkhani zotere zimakoma pabwalo la bawo ndi pa WhatsApp, pomwe aliyense amakhala ndi yankho lake. Zikalowa m'kalasi la sukulu yaukachenjede, zimasanduka chida chophunzitsira luso lovuta kwambiri pa kulemba: kumanga mtsutso wotsamira pa umboni.

Phata la lusoli ndi kusiyanitsa zinthu zitatu: chimene chidatsimikizika, chimene wolemba akuganizira potengera umboni, ndi chimene sichikudziwika. Wophunzira amene wagwira zimenezi akhoza kudzakhala mtolankhani, loya, wapolisi wofufuza milandu kapena mphunzitsi wa mbiri yakale wodalirika. Amene wazisakaniza amangowonjezera mphekesera ina pamwamba pa zomwe zilipo kale, koma yake itavala jekete la maphunziro.

Chimangirizo chotere n'chotani?

Ku sekondale ophunzira amazolowera chimangirizo cha mtsutso pa mitu ya maganizo, monga ubwino ndi kuipa kwa sukulu zogonera komweko. Pamitu yotere mbali zonse ziwiri zikhoza kupambana malinga ndi kalembedwe. Mtsutso wa pa zochitika ndi wosiyana. Funso limakhala lakuti chidachitika n'chiyani, liti, adachita ndani ndipo chifukwa chiyani. Yankho loona lilipo ngakhale lisadapezeke, choncho wolemba akhoza kulakwa, ndipo kulakwa kwake kukhoza kuipitsa mbiri ya munthu wosalakwa kapena kuyeretsa wolakwa.

Katswiri wa ku Britain, Stephen Toulmin, m'buku lake la mu 1958 lotchedwa The Uses of Argument, adaphwanya mtsutso m'zigawo zingapo zomwe aphunzitsi a luso la kulemba amagwiritsabe ntchito. Choyamba ndi mfundo yomwe wolemba akuikira kumbuyo. Chachiwiri ndi umboni. Chachitatu ndi mlatho, kutanthauza chifukwa chomwe umboniwo ukutifikitsira pa mfundoyo osati pa ina. Palinso mawu osonyeza kukula kwa chitsimikizo, monga "mosakayikira", "zikuoneka kuti" ndi "n'kutheka kuti", komanso kutchula poyera chimene chingagwetse mfundoyo.

Ubwino wa nkhani yopanda yankho ndi wakuti wophunzira alibe pokopera mathero. Malikisi sangachokere pa kulondola yankho la mphunzitsi, poti mphunzitsiyo alibenso yankho. Amachokera pa kayendetsedwe ka umboni.

Poyambira pabwino: ng'anjo ndi zojambula za ku Lifupa

N'kwanzeru kuyamba ndi funso lomwe silikhudza munthu wamoyo, ndipo boma la Kasungu lili nawo mafunso otere. Kumadzulo kwa tauni ya Kasungu, kupitirira minda ya fodya, kuli Kasungu National Park, yomwe ndi yachiwiri kukula m'dziko muno pambuyo pa Nyika. M'kati mwake ndimo muli damu la Lifupa, pomwe alendo amaonera mvuu ndi njovu. Kale kuderali kudali midzi. Boma la atsamunda lidasamutsako anthu chifukwa cha matenda a kaodzera, malowo n'kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1922, malo osungirako nyama mu 1930, kenako paki mu 1970. Poti khasu silidalowemonso, zotsalira za anthu akale zidasungika: ng'anjo zosungunulira chitsulo ndi zojambula za m'mapanga.

Funso loyamba lingakhale lakuti ng'anjozo zidagwira ntchito liti. Umboni wake ulipo wa mitundu itatu. Pali ng'anjo zenizenizo ndi zinyalala za chitsulo zozizungulira. Pali mawu a akuluakulu: katswiri David Killick adacheza ndi nkhalamba za ku Kasungu zomwe zidaonako ntchitoyi pa ubwana wawo, ndipo kafukufuku wake, yemwe adamupereka ku Yale University mu 1990, adakhudza zaka za 1860 mpaka 1940. Palinso kupima makala ndi njira ya radiocarbon, yomwe imadalira kuti mtundu wina wa carbon m'chinthu chomwe chidafa umachepa ndi theka pa zaka pafupifupi 5,730 zilizonse.

Apa wophunzira amadziwa kuti ngakhale umboni wa sayansi uli ndi malire. Kupimako kumanena nthawi yomwe mtengo udaleka kukula, osati tsiku lomwe makala ake adayatsidwa. Mtengo ukhoza kukhala chiumire zaka zambiri usadatemedwe. Komanso pa zinthu za m'zaka mazana atatu zapitazi njirayi imapereka nyengo zingapo zotheka m'malo mwa imodzi. Choncho wolemba wosamala amati zikuoneka kuti ng'anjo zomwe zidakali chiimire ndi za m'zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, n'kusonyeza kuti mawu a nkhalamba ndi maonekedwe a ng'anjozo zikugwirizana. Satchula chaka chimodzi chomwe umboni sungachinyamule.

Funso lachiwiri ndi la zojambula. M'chigawo chapakati muli zojambula za mitundu iwiri: zofiira, zomwe nthawi zambiri ndi mizere, madontho ndi zozungulira, ndi zoyera zooneka ngati nyama. Malo otchuka ndi a Chongoni ku Dedza, komwe kuli malo 127 omwe bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Akatswiri amalumikiza zoyera ndi Achewa, makamaka miyambo ya chinamwali ndi nyau, ndipo umboni wake ndi wolimba poti miyamboyo ilipobe. Zofiira amazilumikiza ndi Akafula, alenje omwe mbiri yapakamwa imati makolo a Achewa adawapeza. Wophunzira ayenera kuona masitepe atatu. Pomwe mitundu iwiriyi yakumana pamwala umodzi, zoyera zili pamwamba, choncho zofiira ndizo zidayamba: izi n'zooneka ndi maso. Kuti adajambula ndi Akafula ndi ganizo lomveka lochokera ku mbiri yapakamwa ndi zida zamwala zopezeka m'mapangamo. Tanthauzo la mizere ndi madontho aja silikudziwika, ndipo chimangirizo chabwino chimanena choncho.

Pepala ndi pakamwa: zaka za Kamuzu Banda

Sitepe yachiwiri ndi nkhani yomwe zolembedwa za boma zimatsutsana ndi umboni wina. Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Hastings Kamuzu Banda, adabadwira ku Kasungu pa nthawi yomwe kumudzi kudalibe kaundula wa ana obadwa. Boma lidakhazikitsa 14 May 1906 ngati tsiku lake lobadwa, pomwe olemba mbiri ambiri, kuphatikizapo Philip Short m'buku lake la mu 1974, amaika kubadwa kwake cha m'ma 1898. Pomwe ankamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997 adali ndi zaka 91 potengera chaka choyambacho, kapena 99 potengera chachiwiricho.

Wophunzira sangothamangira tsiku la boma chifukwa chakuti ndi la boma. Amayesa zaka ziwirizi ndi zochitika zina. Cha m'ma 1915 Banda adachoka ku Kasungu wapansi kupita ku Southern Rhodesia, komwe adagwira ntchito pachipatala cha ku Hartley, tauni yomwe lero ndi Chegutu, asadapitirire ku South Africa. Akadabadwa mu 1906 akadakhala mwana wa zaka 9. Ngati adabadwa mu 1898 adali mnyamata wa zaka 17. Mlatho wa mtsutso uli pamenepo: ulendo ndi ntchito zotere zikuyenerana ndi wa zaka 17. Izi zikulemeretsa 1898 koma sizikupereka tsiku lenileni.

Palinso mphekesera yakale yakuti munthu amene adatsika ndege pa Chileka pa 6 July 1958 sadali Kamuzu weniweni, chifukwa ankalankhula kudzera mwa womasulira. Wophunzira wachangu angatsutse ndi buku la Mark Hanna Watkins la mu 1937 la malamulo a Chichewa, lomwe lidalembedwa ndi thandizo la Banda ali ku Chicago. Koma bukulo likungotsimikizira kuti Banda wa ku Chicago ankadziwa Chichewa. Silikuyankha za kusinthana kwa anthu pambuyo pake. Umboni woyenera ndi wa munthu amene adamudziwa nyengo zonse ziwiri, monga malume ake, Mbusa Hanock Msokera Phiri, omwe adakhala naye ku South Africa ndipo adali moyo ku Kasungu pomwe iye ankabwerera. Phunziro lake ndi lakuti umboni ukhoza kukhala woona koma wosayankha funso lomwe lafunsidwa. Komanso mfundo yofuna kuti anthu ambiri akhale kuti adapusitsidwa nthawi imodzi imafuna umboni wolemera kuposa mfundo yapafupi, yakuti munthu amene wakhala kunja zaka zoposa 40 lilime lake limalemera.

Komiti yofufuza ndi khoti: nkhani ya ku Mwanza

Sitepe yachitatu ndi yolemera, chifukwa mabanja a okhudzidwa alipo. Mu May 1983 andale anayi adafa: Dick Matenje, mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress Party, Aaron Gadama, mbadwa ya ku Kasungu yemwe adali nduna yoona Chigawo cha Pakati, Twaibu Sangala, nduna ya zaumoyo, ndi David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa. Boma lidalengeza kuti adafa pangozi ya galimoto ku Mwanza akuthawa m'dziko muno. Kwa zaka 11 iyi ndiyo idali nkhani yovomerezeka.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, Pulezidenti Bakili Muluzi adakhazikitsa komiti yofufuza yomwe adaitsogolera Jaji Harry Mtegha. Lipoti lake, lomwe lidatuluka mu January 1995, lidapeza kuti anayiwo adagwidwa ndi apolisi ku Zomba, adagonekedwa kundende ya Mikuyu, ndipo pa 18 May adaphedwa pamsewu wa ku Thambani, mitembo yawo n'kuikidwa m'galimoto kuti ioneke ngati ngozi. Dr Banda, John Tembo ndi ena adazengedwa mlandu wopangana kupha, koma mu December 1995 adapezeka osalakwa, ndipo khoti la Supreme lidakana apilo ya boma mu 1997.

Nkhaniyi imaonetsa masitepe atatu aja bwino lomwe. Kuti siidali ngozi ndipo apolisi ndiwo adapha, zidatsimikizika. Kuti lamulo lidachokera kwa munthu waudindo waukulu ndi ganizo lomwe wophunzira angalimange ndi umboni wa m'lipoti. Koma amene adayamba kulamula sadatsimikizidwe m'khoti. Akuluakulu awiri omwe akadalumikiza unyolowo, mkulu wa apolisi Mac Kamwana ndi mlembi wamkulu wa boma John Ngwiri, adali atamwalira kale pomwe mlandu unkazengedwa.

Pali zinthu zitatu zomwe mphunzitsi angatsindike pano. Choyamba, komiti yofufuza ndi khoti zimayeza umboni ndi miyeso yosiyana: komiti imafuna kumvetsa chidachitika, pomwe khoti la mlandu waupandu limafuna umboni wosasiya chikayiko chomveka. Kupezeka wosalakwa kumatanthauza kuti boma lidalephera kutsimikiza mlandu, ndipo wolemba ayenera kulemba zotsatira zonse ziwiri, osabisa yomwe sikumukomera. Chachiwiri, apolisi omwe adaperekera umboni adali ndi mbali pa imfazo, choncho mawu awo amafunika kuwatsimikiza ndi umboni wina. Chachitatu, mu January 1996 Dr Banda adatulutsa uthenga wopepesa pa mazunzo omwe anthu adakumana nawo mu ulamuliro wake, koma sadavomere kuti adalamula imfa za ku Mwanza. Kuusandutsa uthengawo chivomerezo n'kuunamizira. Katswiri Jan Kees van Donge adasanthula mlanduwu m'magazini ya African Affairs mu 1998, ndipo ndi chitsanzo chabwino cha kulemba nkhani yowawa mosapitirira umboni.

Nkhani zomwe sizidathe: kusamala ndi mayina

Ophunzira ambiri amakopeka ndi nkhani za posachedwa, ndipo yomwe imawakhudza kwambiri ndi ya mnzawo, Robert Chasowa. Iye adali wophunzira wa uinjiniya pa Polytechnic ku Blantyre, sukulu yomwe lero ndi Malawi University of Business and Applied Sciences, ndipo ankadzudzula boma poyera. Adapezeka atafa pasukulupo pa 24 September 2011. Apolisi adati adadzipha podziponya kuchokera pamwamba pa nyumba. Dokotala wopima mitembo, Dr Charles Dzamalala, adapeza kuti mabala a m'mutu adali a kumenyedwa ndi chinthu chosathwa. Komiti yomwe Pulezidenti Joyce Banda adakhazikitsa mu 2012, motsogozedwa ndi Jaji Andrew Nyirenda, idapeza kuti adachita kuphedwa. Anthu angapo adamangidwa, koma mlandu udakhala zaka zambiri osafika pachigamulo.

Pankhani yotere wophunzira ali ndi ufulu wotsutsa mwamphamvu mfundo yakuti Chasowa adadzipha, poti umboni wa dokotala ndi lipoti la komiti zikumuikira kumbuyo. Alibe ufulu wolemba kuti wakutiwakuti ndiye adapha. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati woganiziridwa mlandu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, ndipo amene wamuipitsira mbiri akhoza kumusumira. Mawu akuti "akuganiziridwa", "lipoti lidati" ndi "khoti lidapeza" ali ndi kulemera kosiyana, ndipo wolemba ayenera kusankha lililonse modziwa.

Mtengo wa mphekesera

Chifukwa chachikulu chophunzitsira lusoli chili kunja kwa kalasi. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu pafupifupi 30 adaphedwa usiku m'madera a mzinda wa Blantyre, pa zomwe zimadziwika kuti imfa za ku Chilobwe. Poti yankho lidachedwa, kudabuka mphekesera yakuti boma likupopa magazi a anthu kuti libweze ngongole ya ku South Africa. Mphekesera yofanana nayo idabweranso mu 2002, kenako mu 2017, pomwe nkhani ya anamapopa idayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo ndi Blantyre. Anthu osachepera 9 adaphedwa ndi magulu a anthu olusa, ndipo palibe munthu mmodzi yemwe madokotala adatsimikiza kuti adapopedwa magazi.

Choncho bodza limachokera mbali ziwiri. Ku Mwanza lidachokera kumwamba, kwa olamula. Ku Mulanje lidachokera pansi, kwa anthu amantha. Mankhwala ake ndi amodzi: kufunsa kuti wanena ndani, adaona yekha kapena adangomva, ndipo apindulanji tikakhulupirira. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa.

Komwe umboni umapezeka

Wophunzira wa m'Malawi ali ndi malo angapo oyambira. National Archives of Malawi ku Zomba imasunga makalata a boma kuyambira nthawi ya atsamunda. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre ili ndi mabuku, zithunzi ndi magazini a mbiri yakale. Zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo zimasungidwa mu Hansard, pomwe zigamulo zambiri za makhoti zili pa intaneti pa MalawiLII. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani kuchokera ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo wophunzira akhoza kuligwiritsa ntchito popempha malipoti.

Mbiri yapakamwa nayo ndi umboni, malinga itayezedwa. Pulofesa Kings Phiri, yemwe adaphunzitsa mbiri yakale ku Chancellor College, adaonetsa m'kafukufuku wake wa mu 1975 momwe mbiri ya Achewa a m'chigawo chapakati ingamangidwire poyerekeza zonena za mafumu ndi mabanja osiyanasiyana. Lamulo lake ndi losavuta kunena koma lovuta kutsata: mboni ziwiri zomwe zidamva kwa munthu mmodzi ndi mboni imodzi. Chimodzimodzi masamba khumi a pa intaneti omwe adakoperana.

Kamangidwe ndi kachongedwe

Chimangirizo chotere chimayamba ndi funso limodzi lopapatiza. "Kodi ku Mwanza kudachitika zotani?" ndi lalikulu kwambiri; "Kodi umboni womwe udaperekedwa ku komiti ya Mtegha ukutifikitsa pati pa funso la amene adalamula?" ndi lotheka kuyankha. Kenako wolemba amayala zomwe mbali zonse zimavomereza, n'kufotokoza mayankho omwe akupikisana, lililonse m'mawu omwe eni ake angawavomereze. Thunthu la chimangirizo ndi kuyeza mayankhowo ndi umboni umodzimodzi. Akatero amanena mbali yomwe waima, ndi kukula kwa chitsimikizo chake.

Pochonga, mphunzitsi amayang'ana ngati mfundo iliyonse ili ndi gwero lotchulidwa, ngati wolemba wasiyanitsa mboni yoona ndi maso ndi yongomva, ngati wapereka mbali yotsutsa mwachilungamo, komanso ngati mawu ake otsimikiza akulingana ndi kulemera kwa umboni. Wophunzira amene wanena kuti umboni ukulekeza apa, n'kusonyeza chifukwa chake, ayenera malikisi ambiri kuposa amene wapeza wakupha m'ndime yomaliza.

Ndime yomalizayo ili ndi ntchito ina yofunika: kutchula umboni womwe ukusowa ndi komwe ungapezeke. Mwina ndi fayilo ya apolisi yomwe siidatsegulidwe, kaundula wa ubatizo wa kumishoni, makala a m'ng'anjo omwe sadapimidwe, kapena mboni yokalamba yomwe palibe adaifunsa. Nkhani ya ku Mwanza idakhala "ngozi" kwa zaka 11 kufikira mboni zitapeza mpata wolankhula. Mlandu suola, ndipo chimangirizo cholembedwa mosamala chimasiyira wofufuza wotsatira polowera.